Chimene chawatopetsa anthu a ku Nigeria ndi atsogoleri awo

Achimwene, mwafunsa kuti n'chifukwa chiyani anthu a ku Nigeria sasiya kudzudzula atsogoleri awo, chonsecho dziko lawo lili ndi mafuta ochuluka, lili ndi anthu olemera odziwika padziko lonse komanso mizinda imene ife timangoiona m'mafilimu. Mwaonjezeranso kuti mwina anthuwo n'ngokonda kudandaula basi. Pa mfundo yomalizayi sindikugwirizana nanu, ndipo mundipirire chifukwa yankho langa likhala lalitali. Ndinagwirapo ntchito zaka zingapo ku Johannesburg limodzi ndi mnzanga wina wochokera ku Enugu, ku Nigeria komweko, ndipo kuyambira nthawi imeneyo ndakhala ndikutsatira nkhani za dzikoli mwachidwi.

Mafuta amene mwawatchulawo ndi pamene pagona vuto. Anapezeka koyamba ku Oloibiri, m'dera la Niger Delta, m'chaka cha 1956, dziko lisanalandire ufulu wodzilamulira mu 1960, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1970 boma linali litayamba kudalira mafutawo kuposa china chilichonse. Mpaka lero, mwezi uliwonse ndalama zimasonkhanitsidwa m'thumba limodzi ku Abuja, kenaka komiti yotchedwa FAAC imazigawa pakati pa boma lalikulu, zigawo 36 ndi makhonsolo 774. Taganizirani tanthauzo la zimenezi kwa gavanala wa chigawo. Ndalama zambiri zimene iye amayendetsera boma sizichokera kwa mlimi wa zilazi wa ku Benue kapena wamalonda wa mumsika wa ku Onitsha, koma zimatsika kuchokera ku likulu, kaya anthu ake akukondwa naye kaya ayi. Mtsogoleri wotere maso ake amakhala kumene kukuchokera mphika, ndipo ndale zonse zimasanduka mpikisano wofuna kukhala pafupi ndi mphikawo. Eni akewo chumachi amachitcha "national cake", ngati keke imene aliyense wofika patebulo amadulako gawo lake.

Kufika patebulopo n'kodula kwambiri. Mu 2022, chipani cholamula cha APC chinkagulitsa mafomu a ofuna kuimira chipanicho pa mpando wa pulezidenti pa mtengo wa 100 miliyoni naira, pamene chipani cha PDP chinkagulitsa ake pa 40 miliyoni naira, nthawi imene malipiro otsikitsitsa a wantchito anali 30,000 naira pamwezi. Amene alibe ndalama zoterozo amafunika munthu wolemera womuikira kumbuyo, ndipo akapambana, ngongoleyo imabwezedwa ndi makontirakiti a misewu ndi maudindo a m'boma. Wovota amakhala womalizira pa mndandanda wa anthu amene mtsogoleriyo akuona kuti ali nawo ngongole.

Zotsatira zake zimaoneka bwino pakhomo pa munthu wamba, ndipo pano ndikufuna ndikhalitsepo. Mnzanga uja ankatumiza ndalama kwa mayi ake mwezi uliwonse, ndipo tsiku lina anandionetsa papepala mmene ndalamazo zimayendera. Panali ndalama ya mafuta a jenereta, popeza magetsi a boma amabwera maola ochepa patsiku, nthawi zina osabwera n'komwe. Panali ndalama yokonzetsera pampu ya chitsime chimene banjalo linakumba lokha, chifukwa mipope ya madzi m'dera lawo inauma iye ali mwana. Panali chopereka cha alonda amene anthu a mumsewu wawo analemba okha ntchito, n'kuika geti kumapeto kwa msewuwo. Panali fizi ya adzukulu pa sukulu yolipira, ndipo nyengo ya mvula ikafika pankabweranso chopereka chogulira miyala yokwirira maenje a mumsewu. Banja limenelo linali boma palokha, ndipo mabanja mamiliyoni ambiri m'dzikomo amakhala chomwecho. Dziko la anthu oposa 200 miliyoni limagawana magetsi amene kawirikawiri amakhala pakati pa mamegawati 4,000 ndi 5,000, ndipo m'chaka cha 2024 chokha nthambo zikuluzikulu zonyamula magetsi zinalephera kangapo, dziko lonse n'kuda nthawi imodzi. Kajenereta kakang'ono kamene osauka amakwanitsa anakapatsa dzina lonyogodola lakuti "I pass my neighbour", kutanthauza kuti mwini wake waposa woyandikana naye amene ali mumdima. Magetsi akabwera mwadzidzidzi ana amakuwa kuti "Up NEPA", kutamanda bungwe la magetsi limene linathetsedwa kalekale.

Tsopano mumvetsa chifukwa chake nkhani ya mtengo wa petulo imawapsetsa mtima chotere. Boma lili ndi mafakitale anayi oyengera mafuta, awiri ku Port Harcourt, ina ku Warri ndi ina ku Kaduna, koma kwa zaka zambiri mafakitalewa anali ogona ngakhale kuti ndalama zowakonzera zinkatuluka. Dziko linkagulitsa kunja mafuta osayenga n'kumagula petulo woyengedwa kwa ena, ndipo boma linkaikapo sabuside kuti mtengo utsike. Kwa munthu amene amadzipezera yekha madzi, magetsi ndi chitetezo, petulo wotsika mtengoyo chinali chinthu chokhacho chimene ankatha kuloza kuti ndi phindu lake la kukhala nzika ya dziko la mafuta. Pa 29 Meyi 2023, a Bola Tinubu akulumbira pa udindo wa pulezidenti, ananena kuti sabuside yatha, ndipo patangopita masiku ochepa lita imodzi inachoka pa mtengo wosafika 200 naira n'kupitirira 500, ndipo pofika kumapeto kwa 2024 inali itadutsa 1,000. Mu Juni 2023 boma linasiyanso naira kuti ipeze yokha mphamvu yake pamsika, ndipo dola imodzi imene inali pafupifupi 460 naira inadutsa 1,500 kumayambiriro kwa 2024. Mu 2024 kukwera kwa mitengo ya zinthu kunapitirira 34 peresenti pachaka. Ife amene tinaona kwacha ikugwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 sitifunika kutifotokozera mmene zimawawira munthu akapita kumsika ndi malipiro omwe aja n'kubwerako ndi theka la zimene ankagula.

Ndinene chilungamo kuti sabusideyo inali ndi mavuto ake enieni. Inkadya ndalama zochuluka zedi, petulo wambiri ankazembetsedwa kupita ku Benin, Niger ndi Cameroon, ndipo onse atatu amene anali patsogolo pa chisankho cha 2023 analonjeza kuti adzaichotsa. Ineyo ndimaona kuti kuichotsa kunali kosapeweka. Chimene chinapweteka anthu n'chakuti anauzidwa kuti apirire pamene owauzawo sankapirira nawo. Chaka chomwecho cha 2023, aphungu a nyumba ya malamulo anaguliridwa galimoto zikuluzikulu zakunja, imodzi ya mtengo woposa 100 miliyoni naira, ndipo mu Ogasiti 2024 dziko linaona ndege yatsopano ya pulezidenti ya mtundu wa Airbus A330. Malipiro otsikitsitsa anakwezedwa kufika pa 70,000 naira mu Julayi 2024, ndalama imene panthawiyo sinkakwana thumba la mpunga la makilogalamu 50. Anthu sanaiwalenso kuti mu Januwale 2012, pulezidenti wa nthawiyo a Goodluck Jonathan atayesa kuchotsa sabuside yomweyi, a Tinubu anali m'gulu la amene anawadzudzula kwambiri.

Za katangale sindichulutsa mawu chifukwa n'zodziwika. Ndalama zimene a Sani Abacha, mtsogoleri wa asilikali amene anamwalira mu 1998, anabisa ku Switzerland ndi kwina zakhala zikubwezedwa pang'onopang'ono kwa zaka zoposa 20. Mu 2014, gavanala wa banki yaikulu a Lamido Sanusi atanena kuti madola pafupifupi 20 biliyoni a mafuta sanafike m'thumba la boma, amene anaimitsidwa pa ntchito anali iwowo. A James Ibori, amene anali gavanala wa chigawo cha Delta, mlandu wawo unathetsedwa kwawo, koma bwalo la milandu la ku London linawalamula mu 2012 kukhala m'ndende zaka 13, ndipo atatuluka analandiridwa kwawo ndi chikhamu cha anthu ovina. Mu 2022 boma la a Muhammadu Buhari, amene analowa pampando mu 2015 polonjeza kuthana ndi ziphuphu, linakhululukira magavanala akale awiri, a Joshua Dariye ndi a Jolly Nyame, amene anali m'ndende pa milandu yakuba ndalama za boma.

Kumpoto kwa dzikolo mkwiyo uli ndi chifukwa china chachikulu, chimene ndi chitetezo. Mu Epulo 2014 gulu la Boko Haram linaba atsikana 276 pa sukulu ya ku Chibok, ndipo ena mwa iwo sanabwererebe. Kuyambira pamenepo kuba anthu n'kufuna dipo kwasanduka malonda m'zigawo monga Zamfara, Katsina ndi Kaduna, moti mu Malichi 2022 zigawenga zinaukira sitima ya pamtunda yochokera ku Abuja kupita ku Kaduna, imene anthu ankaikwera pothawa msewu woopsa. Achibale amagulitsa minda ndi ziweto ndiponso kusonkherana ndalama kuti awombole wawo, ndipo alimi ambiri anasiya minda yakutali, zimene zimakwezanso mtengo wa chakudya m'mizinda.

Mwina mufunsa kuti nanga bwanji osangowachotsa atsogoleriwo pa chisankho. Funso limeneli ndi limene likufika pamtima pa kukhumudwa kwawo, chifukwa njira iliyonse imene ayesapo yawabweza manja ali m'khosi. Akuluakulu amakumbukira chisankho cha pa 12 Juni 1993, chimene ambiri amachiona kuti chinali chachilungamo koposa, koma mtsogoleri wa asilikali a Ibrahim Babangida anachifafaniza, ndipo a Moshood Abiola amene anapambana anafera m'ndende mu 1998. Achinyamata amakumbukira cha mu Febuluwale 2023. Bungwe loyendetsa zisankho la INEC linalonjeza kuti zotsatira za malo aliwonse oponyera voti zidzaikidwa pa intaneti nthawi yomweyo, ndipo achinyamata ambiri, makamaka otsatira a Peter Obi, anakalembetsa pokhulupirira lonjezolo. Tsikulo litafika, zotsatira za mpando wa pulezidenti zinalephera kukwera pa nthawi yake, bungwelo n'kunena kuti makina anavuta. A Tinubu analengezedwa opambana ndi mavoti pafupifupi 8.8 miliyoni, a Atiku Abubakar anapeza pafupifupi 7 miliyoni, a Obi 6.1 miliyoni, ndipo mwa anthu oposa 93 miliyoni olembetsa, amene anaponya voti anali pafupifupi 27 peresenti yokha. Olepherawo anapita ku makhoti, koma mu Okutobala chaka chomwecho bwalo lalikulu linagamula mokomera a Tinubu. Zimene zinachitika kwathu kuno mu Febuluwale 2020, pamene bwalo linafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, ku Nigeria sizinachitikepo pa mpando umenewu. Andale nawonso amadziwa kugawa mkwiyo wa anthu potengera mitundu ndi zipembedzo, moti Mhausa, Myoruba ndi Muigbo amene akugula mpunga pa mtengo umodzi amafika pa tsiku lovota akulozana zala okhaokha.

Msewu nawo anauyesa. Mu Okutobala 2020 achinyamata anachita zionetsero zofuna kuti nthambi ya apolisi yotchedwa SARS ithetsedwe chifukwa cha nkhanza zake, monga kugwira mnyamata pongomuona ali ndi foni yodula kapena kompyuta. Usiku wa pa 20 Okutobala asilikali anaombera anthu amene anasonkhana pa geti lolipirira msewu la ku Lekki, mumzinda wa Lagos. Komiti yofufuza imene boma la chigawocho linakhazikitsa inapeza kuti anthu anaphedwa, koma boma lalikulu linakana lipotilo. Mu Ogasiti 2024 kunabweranso zionetsero za masiku 10 zodandaula ndi njala ndi ulamuliro woipa, ndipo bungwe la Amnesty International linanena kuti anthu osachepera 24 anaphedwa. Mu Novembala ana ena amene anagwidwa pa zionetserozo anaonekera ku khoti ku Abuja pa mlandu woukira boma, ali owonda, ena n'kukomoka m'khotimo, ndipo anamasulidwa dziko lonse litakuwa.

Sindikunena kuti palibe chimene chinayendapo bwino. A Jonathan anavomera kugonja mu 2015 popanda kukhetsa mwazi, madokotala a ku Lagos anathana ndi Ebola mu 2014 m'miyezi yochepa, ndipo asilikali sanalandenso boma chichokereni mu 1999. Phokoso limene inu mukulimva pa intaneti likuonetsanso kuti atolankhani ndi anthu wamba a kumeneko salola kutsekedwa pakamwa. Komabe amene atopa kukuwa akusankha njira ina, imene amaitcha "japa", mawu a Chiyoruba otanthauza kuthawa osacheuka. Madokotala, anamwino ndi akatswiri a makompyuta akupita ku Britain, Canada ndi America, ndipo ophunzira amene anakhala pakhomo miyezi 8 mu 2022, aphunzitsi a m'mayunivesite a boma atanyanyala ntchito, ambiri akuwerenga n'cholinga chodzachoka. Mlongo wake wa mnzanga uja, amene anali namwino pa chipatala china cha boma ndipo nthawi zina ankabaya odwala jakisoni powunikira ndi tochi ya pafoni, ananyamuka chaka chatha kupita ku Manchester. Panopa ndi iye amene akutumiza ndalama ya mafuta a jenereta ya mayi awo.