Mlendo wanuyo akufuna chiyani m'nkhalangomo?

Achimwene, ndawerenga kandime mwaika muno. Mwati mtsikana wanu wa mtundu wa ma elf (zolengedwa za m'nthano za ku Ulaya zooneka ngati anthu), woponya mivi amene amalondera malire a ufumu wa m'nkhalango, wakumana ndi munthu wosadziwika atadzifunda nsalu kumutu, koma anzanu amene awerenga akuti pamenepa nkhani sikukoma. Ndiye mwafunsa ngati muikepo ndewu. Ndewuyo ibadikira kaye. Vuto lili pa mlendoyo, chifukwa palibe chimene akufuna. Waima pansi pa mtengo, wanena mawu ophiphiritsa aja oti "nthawi yayandikira," kenako n'kuzimirira. Owerenga nkhani za mtundu umenewu amuona munthu wotereyu kambirimbiri, moti nsalu ya kumutu ija siwadzidzimutsanso.

Musanalembenso, dziyankheni nokha kuti munthuyu walowa m'nkhalango ya eni kudzatani. Yankho lake likhale laling'ono, logwirika. Mwina akufuna kuwoloka mtsinje dzuwa lisanalowe. Mwina wabwera kudzabweza muvi umene anauzula m'thupi la m'bale wake, ndipo nthenga za muviwo n'zofanana ndi zomwe zili m'phodo la mtsikanayo. Inu wolemba mudziwe zonse, iye anene theka. Owerenga amakakamira pa tsamba akamva chimene munthu akufuna koma osamvetsa chifukwa chake. Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndiye wanuyu abwere ndi kanthu kamene mtsikanayo alibe, kaya ndi uthenga kaya ndi dzina limene sanalimve kwa zaka zambiri.

Kudabwitsa kwa mlendoyo tikuone kudzera m'maso a mlenje. Mtsikanayu moyo wake wonse wakhala akuwerenga mapazi ndi masamba othyoka. Aone chinthu chimodzi chosagwirizana ndi zomwe munthuyo akunena. Wati ndi wamalonda wosochera, koma pamene akutambasula dzanja kusonyeza kuti alibe chida, khungu la kunsonga kwa zala zitatu zapakati laoneka lokhuthala ndi louma, monga limakhalira la munthu wokoka nsinga ya uta kuyambira ubwana. Mtsikanayo akuyang'ana zala zake zomwe, n'zofanana. Basi, musafotokoze zambiri. Chizindikiro chikhale chimodzi chokha, mukaika zisanu mlendoyo asanduka choseketsa.

Tsopano za uta, pomwe ndinaima nthawi yaitali powerenga. Mtsikana wanu wakoka uta mpaka kukhutu ndipo wakhala choncho masamba awiri athunthu akucheza ndi mlendo. Aliyense amene anagwirapo uta aseka. Sitima yankhondo ya ku England yotchedwa Mary Rose inamira mu 1545 ndipo inavuulidwa mu 1982. M'kati mwake anapezamo mauta oposa 130 a mtengo wa yew ndi mivi yoposa 3,500. Akatswiri atayeza anapeza kuti kukoka uta wotere kunkafuna mphamvu yonga yonyamulira makilogalamu 45 kapena kuposerapo, ina mpaka cha m'ma 80. Mafupa a ena mwa amuna a m'sitimamo anasonyeza kuti mapewa awo anali atasintha ndi ntchito imeneyi. Uta wotere umakoka, kuloza, n'kusiya m'masekondi ochepa. Ukachedwa mkono umayamba kunjenjemera ndipo muvi upita kwina.

Wina anena kuti elf si munthu, ali ndi mphamvu zamatsenga. Chabwino, dziko ndi lanu. Koma mukam'patsa mkono wosatopa mwataya chinthu chokoma kwambiri m'kandime kanu, chifukwa kutopa kwa mkono ndi kumene kungakhale wotchi ya kukumanaku. Ayambe atangoika muvi pa nsinga, uta uli cholozera pansi. Akambirane. Mlendo akatchula dzina lija, ndi pamene akoke. Kuchokera pamenepo owerenga akudziwa kuti zatsala mphindi zopumira kawiri kapena katatu, alase kapena atsitse uta, ndipo chilichonse chimene mlendo anene m'kanthawi kameneko chikhala cholemera.

Tina ting'onoting'ono ta uta. Mauta a pa Mary Rose aja kutalika kwake kunali pafupifupi mamita 2, abwino pa bwalo lankhondo koma ovuta m'ziyangoyango momwe nthambi zimakola chilichonse. Wa m'nkhalango yowirira mupatseni wofupikirapo, ndipo asamalase kuchokera kutali ngati ali pachidikha. Mitengo imatchinga, moti mamita 20 kapena 30 ndi kutali kale. Uta wamtengo sausiya wokunga tsiku lonse, umafooka. Nsinga amaipaka phula ndi kuibisa ku mvula. Taganizani mlendo uja atatulukira pamene mtsikanayo wakhala pansi, uta uli womasula pamiyendo, nsinga ili m'thumba. Anadziwa bwanji nthawi yabwino yotere?

Palinso china chimene mungabwereke ku zikhulupiriro zakale. Ku England ndi ku Scotland anthu ankakhulupirira kuti ng'ombe kapena munthu akagwidwa ndi ululu wadzidzidzi wopanda bala, ndiye kuti walasidwa ndi muvi wosaoneka wa ma elf. Akatola m'munda timitu ta mivi tosema kumwala, tomwe kwenikweni tinali ta anthu amakedzana, ankati ndi mivi ya ma elf, ena n'kumativala ngati chithumwa. Kunena kwina, elf woponya mivi poyamba anali chinthu choopsa, osati mtsikana wokongola wa tsitsi lofika m'chiuno yekha ayi. Ngati anthu a m'dziko lanu amaopa ma elf motere, mlendo amene waona muvi utamuloza osagwedezeka wadziulula kale kuti si munthu wamba, ndipo mtsikanayo ayenera kudabwa ndi zimenezo kuposa nsalu ya kumutu.

Mwalemba kuti ndi ufumu, koma sindinaone lamulo ngakhale limodzi. Nkhalango za mafumu zinali ndi malamulo okhwima. William wa ku Normandy, dera la ku France, atalanda England mu 1066 n'kukhala mfumu, anapatula dera lotchedwa New Forest cha m'ma 1079 kuti likhale losakamo iye, ndipo munthu wamba wopha nyama kapena kudula mitengo m'menemo ankalangidwa. Mwana wake, William II, anafera m'nkhalango yomweyo mu 1100 atalasidwa ndi muvi ali kosaka, ndipo mpaka lero anthu amatsutsana ngati inali ngozi kapena chiwembu. Mfumu ya ma elf yanu nayo iike lamulo lomveka bwino, mwachitsanzo loti aliyense wowoloka mtsinje wa m'malire atanyamula chitsulo alasidwe osafunsidwa dzina. Likakhalapo lamulo limeneli, kungomulola mlendo kutsegula pakamwa ndi mlandu kale kwa mtsikanayo. Akamusiya adutse, ayenera kukanama kwa mkulu wake madzulo. Akamulasa, dzina lija lifera pomwepo. Mbali zonse ziwiri zimuwawe.

Kumbukiraninso zaka zake. Ngati mwati wakhala ndi moyo zaka 300, asayankhule ngati mwana wa zaka 16 wopsa mtima msanga. Wotere safulumira kufunsa, amadziwa kuti munthu ukamusiya chete amadzaza yekha mpatawo ndi mawu. Mafunso ake akhale ochepa. Ndime ija yofotokoza maso ake obiriwira ndi makutu osongoka ichotseni pamenepa, muiike kwina. Iye sangakhale akuganiza za makutu ake pamene munthu wachilendo waima mamita 10 patsogolo pake.

Lembaninso kandimeko kasapitirire masamba awiri, mlendo asatchule mawu oti ulosi kapena tsogolo ngakhale kamodzi, ndipo kathere pamene mtsikanayo wasankha chochita ndi uta uja. Mukamaliza kaikeninso muno tidzakaone.