Q6600 yanu ikhoza kufika 3.0 GHz, koma yang'anani bodi kaye

Wowerenga wina watumiza imelo. Ali ndi kompyuta yakale yokhala ndi purosesa ya Intel Core 2 Quad Q6600 ndi RAM ya DDR2-800, ndipo akufunsa ngati angaithamangitse kuposa liwiro la kufakitale popanda kuipsereza.

Achimwene, n'zotheka, koma nkhani yagona pa bodi (motherboard), pomwe pamalumikizidwa purosesa ndi RAM. Ngati ndi Dell kapena HP yakaunjika yochokera m'maofesi, BIOS yake, pulogalamu yosinthira makonzedwe a bodi, imakhala yokhoma, mulibe posinthira liwiro. Mabodi a P35 kapena P45, monga Asus P5K, ndiwo amalola.

Purosesa imeneyi inatuluka mu 2007. Liwiro lake la 2.4 GHz ndi FSB (liwiro la njira yolumikiza purosesa ndi bodi) ya 266 MHz kuchulukitsa ka 9. Nambala ya 9 siikwezeka, ndiye chokankha ndi FSB, ndipo ikafika 333 mwapeza 3.0 GHz. Tsegulani pulogalamu ya CPU-Z muone ngati Q6600 yanu ndi ya mtundu wa G0 kapena wa B3. G0 ndi ya 95 W, B3 ndi ya 105 W, choncho G0 sitentha kwambiri ndipo kawirikawiri imafika 3.0 osawonjezera voteji.

Musanalowe mu BIOS, pukutani fumbi la pa fani, mupale thermal paste (phala la pakati pa purosesa ndi choziziritsira) yoyuma, mupake yatsopano kadontho ngati kambewu ka nandolo.

Ambiri amagwa pa RAM. FSB ikakwera, RAM imakwera nayo limodzi. Pa 266, DDR2-800 imayenda pa chiwerengero cha FSB kwa RAM cha 2:3. Mukachisiya choncho n'kukankha FSB mpaka 333, RAM ija ya 800 ikukakamizidwa kufika 1000. Kompyuta imangozungulitsa mafani, sikirini ili bii, munthu n'kumaganiza kuti purosesa yapsa pomwe ilibe vuto. Ikani 1:1 musanakhudze china chilichonse. RAM itsika kufika 667 pa FSB ya 333, ndipo kutsikako simudzakumva n'komwe. PCI Express ikhomereni pa 100 MHz.

Kenako kwezani FSB ndi 10 MHz nthawi iliyonse. Lowani mu Windows, yatsani Prime95, pulogalamu yolemetsa purosesa, kwa mphindi 20, maso ali pa Core Temp yomwe imaonetsa kutentha kwa purosesa. Kutenthako kusapitirire madigiri 70, ndipo mukayesa mu June musaiwale kuti October akubwera. Prime95 ikapeza cholakwika kapena sikirini ikachita buluu, wonjezerani Vcore, voteji ya purosesa, kasitepe kamodzi. Osaisiya pa Auto, mabodi ambiri amathira voteji yochuluka mosafunika. Malire a Intel ndi 1.5 V, koma ndi fani ya kufakitale ngakhale 1.4 V yachuluka.

Mukafika 333, isiyeni Prime95 iyende maola 8. Ena amafika 3.6 GHz pa FSB ya 400, koma pamenepo pamafunika cooler yaikulu ndi power supply yodalirika, ndalama zomwe zikanathandiza kwambiri mutagula SSD.

Kompyuta ikakana kuyaka, zulani chingwe cha magetsi, muchotse kabatire ka CR2032 pa bodi kwa mphindi 5. BIOS ibwerera mwakale, muyambirenso pa FSB yomwe inayenda bwino komaliza.