Magetsi anathima kompyuta ili pakati pa update, kodi ndifomate?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene ali ndi kashopu kotayipa ndi kusindikiza makalata. Kompyuta yawo ya patebulo, ya Windows 10, inali pakati poika update pamene magetsi anathima. Magetsi atabwera inayaka ndithu, koma akadina Start palibe chikuchitika, Settings ikangotseguka ikudzitseka yokha, ndipo pulogalamu imene amakonzera makadi a ukwati ikukana kuyamba, ikungolemba kuti "VCRUNTIME140.dll was not found". Mnyamata wina wawauza kuti afomate basi, kutanthauza kufufuta zonse pa disiki n'kuikanso Windows mwatsopano. Wina wati akadawunilode fayilo yosowayo pa intaneti. Akufunsa kuti amvere uti.

Mayi, malangizo onse awiriwo yambani mwawaika pambali. Kufomata kudzakudyerani tsiku lonse, mapulogalamu onse mudzaikanso, ndipo mwina pulintala yanu idzavuta kupeza madilaiva ake, timapulogalamu timene timaigwirizanitsa ndi kompyuta. Windows ili ndi zida zake zodzikonzera, zaulere, zimene zili kale m'kompyuta mwanumo.

Musanagwire china chilichonse, koperani ntchito zanu ndi za makasitomala pa fulashi kapena pa hadi disiki yapadera. Njira zimene ndifotokoze sizifufuta mafayilo anu, koma ngati disiki yeniyeniyo yayamba kufa, kuigwiritsa ntchito yolemetsa kungaimalizitse. Ma CV a anthu ndi makalata awo zikhale kaye pabwino.

Mavuto anu ndi awiri osiyana, ngakhale abwera tsiku limodzi. Fayilo ya VCRUNTIME140.dll, pamodzi ndi inzake MSVCP140.dll, si mbali ya Windows yeniyeniyo. Zimabwera ndi phukusi lotchedwa Microsoft Visual C++ Redistributable, limene mapulogalamu ambiri amalidalira. Pitani pa tsamba la Microsoft, tengani la 2015 mpaka 2022 kapena latsopano limene lalowa m'malo mwake, muike onse awiri, la x64 ndi la x86, chifukwa pulogalamu ya 32-bit imafuna la x86 ngakhale Windows yanu ili ya 64-bit. Likakhala kuti lilimo kale, lidzakupatsani batani la Repair, dinani lomwelo. Masamba aja amene amagawa mafayilo a dll imodziimodzi ndimawakana ndi mtima wonse. Simudziwa amene anaika fayiloyo, simudziwa ngati ikugwirizana ndi pulogalamu yanu, ndipo fayilo ya dll ndi pulogalamu imene imagwira ntchito m'kompyuta mwanu. Ikakhala ndi vayirasi, mwamulowetsa nokha pakhomo.

Tsopano za Start ndi Settings. Apa m'pamene mafayilo a Windows akuoneka kuti anaonongeka, chifukwa update inadukira panjira, ena atalembedwa kale ena asanamalizidwe. Tifunika Command Prompt, windo lolembamo malamulo, yokhala ndi mphamvu za administrator. Popeza Start sakuyankha, dinani pamodzi Ctrl, Shift ndi Esc kuti Task Manager atseguke. Pitani pa File, kenako Run new task, lembani cmd, ndipo chongani kabokosi kolembedwa "Create this task with administrative privileges". Mukaiwala kabokosiko, malamulo onse otsatirawa adzakukanani.

Yambani ndi disiki. Lembani chkdsk C: /f kenako Enter. Idzakufunsani ngati ichite ntchitoyi kompyuta ikadzayakanso. Lembani Y, muizimitse n'kuyatsanso. Kuthima kwa magetsi mwadzidzidzi kumasokoneza ndondomeko ya mmene mafayilo asanjidwira pa disiki, ndipo palibe phindu kukonza mafayilo pamalo posokonekera. Palinso chkdsk C: /r imene imafufuza malo owonongeka pa disiki yonse, koma imatha kutenga maola angapo, choncho muichite pokhapokha mukudziwa kuti magetsi akhalitsa.

Anthu ambiri amadziwa lamulo la sfc /scannow, limene limayambitsa SFC, chida chofufuza ndi kukonza mafayilo a Windows, ndipo amathamangira lomwelo. Likalephera amati Windows yafa. Chimene sadziwa ndi komwe SFC amatenga mafayilo abwino. Windows imasunga makope a mafayilo ake mu foda ya C:\Windows\WinSxS. Fodayi ili ngati nkhokwe: SFC akapeza fayilo yowonongeka amakatapa yabwino m'menemo. Koma anankafumbwe akalowa m'nkhokwe momwemo, chimene atape n'chofumbwa kale. Ntchito ya DISM, chida china cha Windows, ndi kukonza nkhokweyo. N'chifukwa chake kuyambira pa Windows 8 kupita m'tsogolo, a Microsoft eni ake amalangiza kuyamba ndi DISM, SFC n'kubwera pambuyo.

Tsegulaninso Command Prompt monga poyamba paja, mulembe:

DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth

Samalani mipata, pali mpata patsogolo pa kamzere kalikonse kopendekera. Ntchitoyi imafuna kuleza mtima. Nthawi zambiri imaoneka ngati yaima, makamaka ikafika pa 62.3%, koma imakhala ikugwirabe. Musatseke windo, musazimitse kompyuta.

Pali nkhani ya bandulo imene ndiyenera kuinena, chifukwa kwathu kuno intaneti si yongomwaza. DISM ikapeza chowonongeka imakatenga chabwino kudzera pa Windows Update, ndiye kuti idzadya data yanu. Kawirikawiri imangotenga zimene zikusowazo, osati Windows yonse. Koma ngati netiweki ili yofooka, kapena yakulemberani 0x800f081f, kutanthauza kuti sinapeze kotenga mafayilowo, mungailozere ku fayilo ya ISO ya Windows 10, imene ndi kope la disiki yoikira Windows. Mukadina kawiri pa ISO imatseguka ngati disiki yokhala ndi chilembo chake, tinene kuti E. Lamulo lake limakhala lotere:

DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth /Source:wim:E:\sources\install.wim:1 /LimitAccess

Mawu a LimitAccess amaletsa DISM kupita pa intaneti. Nambala 1 ija ikuimira mtundu wa Windows mkati mwa fayiloyo, popeza ISO imodzi imanyamula Home, Pro ndi ina. Lamulo la DISM /Get-WimInfo /WimFile:E:\sources\install.wim lidzakuonetsani nambala ya wanu. Mukapeza kuti mu foda ya sources muli install.esd m'malo mwa install.wim, lembani install.esd m'malamulo onse awiri ndipo /Source:wim: ikhale /Source:esd:, koma /Get-WimInfo ndi /WimFile muzisiye momwemo. ISO ikhale yofanana ndi Windows yanu pa chinenero ndi pa mtundu. Windows 10 yotsiriza kutulutsidwa ndi ya 22H2.

DISM ikamaliza, lembani sfc /scannow mudikire mpaka 100%. Ikati "did not find any integrity violations", mafayilo ali bwino. Ikati "found corrupt files and successfully repaired them", yakonza, zimitsani n'kuyatsanso muone ngati Start wadzuka. Ikati "was unable to fix some of them", bwerezani mutayatsanso kompyuta, kapena muichitire mu Safe Mode, mmene Windows imayaka ndi zofunika zokhazokha. Tsatanetsatane wake amalembedwa mu C:\Windows\Logs\CBS\CBS.log, ndipo munthu wodziwa akhoza kuwerenga momwemo dzina la fayilo imene yakanika.

Zonsezi zikakanika, palinso njira ina musanafike pofomata. Tsegulani ISO ija muli mkati mwa Windows, dinani setup.exe, ndipo ikakufunsani zoti isunge, sankhani "Keep personal files and apps". Imaikanso Windows yonse pamwamba pa yakaleyo, mapulogalamu ndi mafayilo anu n'kukhala momwe analili. Njira imeneyi imachiza zambiri zimene SFC walephera, ndipo zimandipweteka kuti okonza makompyuta ambiri saitchula n'komwe kwa makasitomala awo. Koma dziwani kuti ngati amene anakugulitsani kompyutayo anaikamo Windows yodulidwadulidwa ija amati "lite", mbali zina zinachotsedwa dala, ndipo zida zokonzerazi zimatha kukanika. Pamenepo kuika Windows yeniyeni mwatsopano ndiye njira yabwino.

Mukakonza, vuto n'kubweranso patapita masiku ochepa magetsi asanathime n'komwe, kayikirani disiki. Kapulogalamu kaulere ka CrystalDiskInfo kamawerenga thanzi lake. Kakalemba Caution kapena Bad, gulani ina msanga, makamaka ya mtundu wa SSD, chifukwa palibe lamulo lililonse limene lingachize disiki imene ikufa.

Kompyuta ya patebulo ilibe batire ngati laputopu, choncho magetsi akathima imagwa pomwepo. Pa bizinesi ngati yanu, mayi, ka UPS, kabokosi ka batire kothandiza magetsi akathima, ngakhale kakang'ono n'kofunika, kamakupatsani mphindi zochepa zosungira ntchito ndi kuzimitsa bwinobwino. Pa UPS mulumikizepo kompyuta ndi sikirini zokha. Pulintala ya laser musaikepo, imakoka magetsi ambiri ikamatenthetsa. Ndipo pamene mukukonzekera ndalama za zimenezi, kumbukirani kuti Microsoft inasiya kupereka ma update a nthawi zonse a Windows 10 pa 14 October 2025. Funsani wodziwa aone ngati kompyuta yanu ili ndi kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0 ndi purosesa imene Windows 11 imalola, kuti mudziwe ngati ndalamazo zipite pa kukonza imeneyi kapena pa kugula ina.