Kodi n'zoona kuti mu supercapacitor muli makala?

Funso: Ndine wophunzira za magetsi. Ndinamva kuti ma electrode (mbale zolowera ndi kutulukira magetsi) a supercapacitor, chipangizo chosungira magetsi ngati batire, amapangidwa ndi makala. Ngati n'zoona, bwanji opanga sagwiritsa ntchito graphene, mtundu wa carbon wa timapepala topyapyala zedi amene amatamandidwa kwambiri uja?

Yankho: Munamva zoona, ndipo ambiri mwa makalawo amachokera ku zigoba za kokonati. Koma si makala wamba ayi. Zigoba zikapsa, amaziphika ndi nthunzi yotentha kwambiri mpaka zitadzaza timabowo tosaoneka ndi maso. Mutati muyale makoma a timabowo ta mu gramu imodzi yokha, angakute malo oposa masikweya mita 1,000.

Nkhani yagona pa makoma amenewa. Batire imasunga mphamvu posintha mankhwala a m'kati mwake, pamene mu supercapacitor ma ion (tinthu ting'onoting'ono tonyamula magetsi, toyandama mu zamadzimadzi za m'kati mwake) amangokhamukira pakhoma n'kumamatirapo, ndipo magetsi akafunika amachokapo msangamsanga. N'chifukwa chake imadzaza m'masekondi ochepa, ndipo imapirira kutchajidwa maulendo oposa 500,000. Chofooka chake n'chakuti imasunga pang'ono: pafupifupi ma watt-hour 5 pa kilogalamu, pomwe batire ya lithium imaposa 150.

Graphene ndimamulemekeza. Asayansi Andre Geim ndi Konstantin Novoselov atamupatula ku Manchester, ku Britain, mu 2004, anthu anayembekezera zambiri, pakuti mwa masamu gramu yake ili ndi masikweya mita 2,630. Vuto n'lakuti timapepala take timakonda kusanjikizana n'kumatana, ndiye ma ion amasowa polowera. Malo ambiri otsekeka alibe phindu. Onjezani mtengo wake, muona chifukwa chake mafakitale amakakamirabe makala.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi zimene gulu la asayansi Yury Gogotsi ndi Patrice Simon linapeza mu 2006. Ambiri ankaganiza kuti timabowo tochepera nanomita imodzi (gawo limodzi mwa magawo biliyoni a mita) n'topanda ntchito. Iwo anaonetsa kuti ion imavula zina mwa zamadzimadzi zoizungulira n'kudzipanikiza kulowamo, ndipo mphamvu yosungidwa imakwera. Choncho bowo liyenera kufanana msinkhu ndi ion yolowamo.

Ziliponso zina. Ruthenium oxide amasunga zambiri koma ndi wodula kwabasi. Manganese dioxide ndi wotchipa koma magetsi sadutsamo bwino. Poti ndinu wophunzira, ikani maso pa MXene, wa timapepala topyapyala ngati graphene, amene anatulukiridwa ku yunivesite ya Drexel, ku America, mu 2011: amadutsitsa magetsi ngati chitsulo, ngakhale nayenso ali ndi vuto lija losanjikizana.