Tifunseni: Kodi ndizisunga zitupa za makasitomala anga?

FUNSO: Ine ndimagulitsa zitenje ndi madiresi ku Area 25 mu Lilongwe. Chaka chatha mwana wa mchemwali wanga anandikonzera webusayiti kuti anthu aziitanitsirapo katundu. Pa fomu yake munthu amalemba dzina, nambala ya foni, komwe amakhala ndi tsiku lobadwa, n'kutumizanso chithunzi cha chitupa cha unzika, poti ndinapusitsidwapo kawiri ndi anthu otumiza uthenga wabodza woti andilipira. Tsono mayi wina wa ku Manchester ku Britain, Mmalawi mnzathu, wakana kugula. Akuti ndilibe "privacy policy" ndipo ndikuswa lamulo. Kodi lamulo limeneli ndi la kwawo konko kapena lilikonso kuno? Kabizinesi kochepa ngati kanga nako kakukhudzidwa?
Mayi wa zitenje, Lilongwe

YANKHO: Mayi, ndiyambe ndi zitumbuwa. Tsiku lina ndinagula zitatu pa depoti, wogulitsayo n'kundikulungira m'pepala. Nditadya ziwiri ndinaona nkhope ikundiyang'ana. Pepalalo linali fotokope ya chitupa cha unzika cha bambo wina: dzina, nambala, tsiku lobadwa, zonse zikuwerengeka bwinobwino ngakhale mafuta anali atalowerera. Pakona anali atalembapo nambala ya foni ndi bolopeni. Bamboyo anakasiya pepalalo ku ofesi ina ndi mtima umodzi, mwina pofunsira ntchito, ndipo ofesiyo itathana nalo inalitaya ngati nyuzipepala ya dzana. Webusayiti yanu ndi ofesi yoteroyo, kungoti mapepala ake ali mu foni mwanu.

Mayi wa ku Manchester sakunama, ndipo lamulolo tili nalo konkuno. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosungiridwa chinsinsi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 linakhudzako pang'ono, koma lenileni ndi Data Protection Act la 2024, loteteza mbiri ya anthu, lomwe linayamba kugwira ntchito mu June chaka chomwecho. Woliyang'anira ndi bungwe la MACRA, lomwe lija limapereka ziphaso ku mawayilesi ndi makampani a foni. Amene amakakamizidwa kukalembetsa kumeneko ndi akuluakulu, monga osunga mbiri ya anthu oposa 10,000 okhala m'dziko muno. Inu simunafikepo, koma musapume: lamuloli limangosiya munthu wosunga manambala a abale ndi anzake pa zochitika za pakhomo pake. Mukangoyamba kutolera mayina chifukwa cha malonda, mwalowamo.

Mtima wa lamuloli ndi wakuti muzifunsa zokhazo zimene ntchitoyo ikufuna. Kuti chitenje chifike kwa mwini wake mukufuna dzina, nambala ya foni ndi malo okachisiya. Nanga tsiku lobadwa ndi lachiyani, mukufuna kuwaphikira keke? Chotsani. Chitupa nacho chotsani, ndipo zithunzi zomwe muli nazo kale mufufute lero, osayiwala zimene zinakhalira mu WhatsApp.

Ndikudziwa kuti munaika zimenezi mutalumidwa. Koma chitupa sichikutetezani, chifukwa wakuba satumiza chake. Amatumiza cha munthu wina, mwina cha bambo wa m'zitumbuwa uja. Chokutetezani ndi kusatulutsa katundu musanaone nokha kuti ndalama yalowa mu Airtel Money kapena Mpamba yanu. Uthenga wochita kukutumizirani munthu, kaya chithunzi cha uthengawo, si ndalama.

Ndipo taganizani foni yanu itasowa m'minibasi ili ndi zitupa 200. Woitolayo aimbira mmodzimmodzi, kumutchula dzina lonse ndi tsiku lake lobadwa, n'kunena kuti ndi wa ku kampani ya foni, akukonza akaunti, angotchula nambala yachinsinsi. Munthu womva mlendo akumudziwa chonchi amagonja msanga. Ena safunanso kuimbiridwa, poti nambala yawo yachinsinsi ndi chaka chimene anabadwa (ngati ndinu mmodzi wa iwo, sinthani musanamalize kuwerenga). Zoterezi zikachitika lamulo likuti mudziwitse MACRA pasanathe maola 72 kuchokera pamene mwadziwa, ndipo mukuyeneranso kuchenjeza eni zitupawo.

"Privacy policy" isakuopseni ndi dzina. Ndi tsamba limodzi louza kasitomala kuti ndinu ndani, mukutenga chiyani kwa iye, chifukwa chake, mudzasunga mpaka liti, ndi anthu ena amene aziona. Wa kabaza wokasiya katundu amaona nambala, mwana wa mchemwali wanu amaona zonse, choncho anenedwe. Muikeponso nambala kapena imelo yoti munthu akupezeni akafuna kuona zimene mwasunga za iye, kuzikonza kapena kuti muzifufute, chifukwa umenewo ndi ufulu wake tsopano. Lembani nokha m'Chichewa chomveka, Chingerezi pambali. Muuzeni mnyamatayo asakakope ya eni. Ndinaonapo ina ikutchula malamulo a ku California pomwe mwini wake amagulitsa nsapato ku Mchesi.

Chinanso chimene amalonda ambiri timachiona chopepuka: kutenga manambala a makasitomala n'kuwaunjika mu gulu la WhatsApp osawafunsa. Munthu anapereka nambala kuti alandire diresi, wangodzuka ili poyera kwa anthu 300 osawadziwa. Funsani kaye, wokana musiyeni.

Za ku Britain mwachidule. Mayiko a European Union anayamba kutsata lamulo lawo loteteza mbiri ya anthu lotchedwa GDPR pa 25 May 2018, ndipo Britain atatuluka m'bungwelo anatsala ndi lake lofanana nalo. Ku Ulaya chindapusa si chamasewera: mu 2023 Ireland inalamula Meta, mwini wa Facebook, kulipira mayuro 1.2 biliyoni. Malamulowa amafikanso kwa wamalonda wakunja amene akutsatsira dala anthu a kumeneko, monga polemba mitengo m'mapaundi. Kunena zoona, palibe adzakwere ndege kudzakusakani ku Area 25. Koma mayiyo wakhala zaka akuona kuti sitolo yolongosoka sipempha chitupa pogulitsa nsalu, ndiye ataona fomu yanu anaganiza kuti wagwa m'manja mwa akathyali. Mukakonza, mulembereni. Ine ndikuona kuti agula.

FUNSO: Ndikatsegula masamba ena pa intaneti pamabwera kabokosi koti "Accept cookies". Ndimangodina kuti kachoke. Ndikuvomera chiyani?
Mphunzitsi, Dedza

YANKHO: Aphunzitsi, amenewo ndi timafayilo timene webusayiti imasiya mu foni mwanu kuti izikukumbukirani. Tina n'tofunika, ndi timene timachititsa kuti musamalembe pasiwedi pa tsamba lililonse. Tina ndi ta otsatsa malonda, timakutsatirani kwina konse, n'chifukwa chake mukayang'ana mtengo wa sola kamodzi, sola imakulondolani sabata yathunthu. Kabokosiko kanafala chifukwa cha malamulo a ku Ulaya okakamiza kupempha chilolezo. Yang'anani batani la "Reject" kapena lovomera zofunika zokha, nthawi zambiri amalilemba mozilala kuti musalione. Mukalidina tsambalo kawirikawiri limatseguka chimodzimodzi.