Kodi maatomu a mtovu amasamuka kukazizira?

Wowerenga wina, wophunzira sayansi ku yunivesite, wanditumizira imelo: "Ndawerenga kuti mtovu wothiridwa mopyapyala pa germanium umasintha kayalidwe ukazizira. Kodi maatomuwo amasamuka? Nanga asankhiranji mtovu?"

Funso lachiwirilo ndi losavuta, achimwene. Mtovu, womwe uja wa m'mabatire a galimoto, ndi wachibale wa germanium, chinthu chimene chimagwiritsidwa ntchito popanga zipangizo za magetsi; onse ali m'gulu 14 la pa tchati cha maelementi (periodic table) limodzi ndi silicon. Koma awiriwa sasakanikirana. Mtovu ukagwa pamwamba umakhala pomwepo, sulowa m'kati, ndiye wofufuza amadziwa bwino kuti akuyang'ana chiyani.

Tsono loyambalo. Taganizani za bawo. Nkhope ya germanium yotchedwa Ge(111) ili ngati thabwa la maenje, kungoti maenjewo anayalidwa mwa makona atatu. M'chipinda chopopedwa mpweya wonse, amathira mtovu wochepa kwambiri, atomu imodzi pa maatomu atatu alionse a germanium. Iliyonse imakhazikika pamwamba pa atatu, motalikirana ndi inzake pafupifupi ma angstrom 7 (ma angstrom 10 miliyoni ndiwo amakwana milimita imodzi). Kayalidwe aka amakatcha √3×√3. Mukayang'ana ndi STM, makina a kasingano amene Binnig ndi Rohrer anapanga ku Zürich mu 1981, maatomu onse amaoneka ofanana ndendende.

Mu 1996 Carpinelli ndi anzake analemba m'magazini ya Nature kuti ataziziritsa, chithunzi chinasintha n'kukhala 3×3: pa maatomu atatu alionse, imodzi inkaoneka yosiyana. Iwo anati ndi maelekitironi amene aunjikana m'malo ena mwa ndondomeko, chinthu chotchedwa charge density wave. Mkangano unabuka. Ena atayeza ndi X-ray anapeza kuti atomu imodziyo yakwera ndithu, ziwiri zatsika, ndipo kusiyanako sikufika ngakhale theka la angstrom. Chodabwitsa n'chakuti miyeso yothamanga kwambiri inkaonetsa zizindikiro za kusiyanaku ngakhale kusanazizire.

Apa ndiye pagona nkhani. Malongosoledwe amene ine ndimawakhulupirira kwambiri ndi akuti maatomuwo samapuma: ino ili m'mwamba, kenako yatsika, inzake yakwera, mofulumira kotero kuti kasingano ka STM sikangawatsate. Jambulani amayi akusinja awiriawiri usiku ndi foni yochedwa, misi yonse idzaoneka ili pakatikati. Kuzizira kumangowaimitsa pamene ali.

Choncho sasamuka ayi. Dzenje ndi lomwelo, chasintha ndi msinkhu.

Mukawonjezera mtovu kufika maatomu anayi pa atatu a germanium, pamabadwa kayalidwe kena kothinana kotchedwa beta. Mu 2010 ofufuza a ku Japan anaonetsa kuti mmenemo maelekitironi amagawikana motengera spin yawo (khalidwe lawo lokhala ngati timaginito ting'onoting'ono) popanda maginito akunja. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, mundilembere mukafika pamutu umenewo m'kalasi.