Kalasi ya ana 120 ku Chinamwali: kodi mwanayu ndimuchotse?

Mayi wina wa ku Chinamwali wandilembera imelo. Ndaifupikitsa, koma nkhani yake ndi iyi:

"Tinasamukira mumzinda wa Zomba chaka chatha kuchokera ku Chingale. Mwana wanga wamkazi ali Sitandade 2 pasukulu ya boma. Tsiku lina ndinamulondola ndi kope limene anaiwala, ndipo nditasuzumira m'kalasi mphamvu zinandithera. Ana akhala pansi mothithikana, popondera palibe, phokoso ngati pamsika. Aphunzitsi akuti m'kaundula alimo 120. Ine ndimaona ngati sukulu za m'tauni ndi zabwinoko. Mnzanga wa kutchalitchi akuti ndimupititse ku pulayiveti, poti wake wa msinkhu womwewo akuyankhula kale Chingerezi. Bambo ake amayendetsa kabaza, ndalama ndi yovuta, koma tikhoza kudzimana. Kodi m'kalasi yotere mwana amatolamo kanthu?"

Mayi, zikomo pondikhulupirira. Ndinagwirako choko m'makalasi aang'ono, ndiye zimene munaonazo sizikundidabwitsa. Yankho langa ndi lakuti musamuchotse kaye. Sindikuikira kumbuyo kalasi ya ana 120, ayi. Boma lenilenilo limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana osapitirira 60. Koma chimene munaona muli pakhomo paja ndi kuchuluka kwa mitu basi. Chimene chiyenera kugamula nkhaniyi simunachione: kodi mwana wanuyo amatha kuwerenga mawu amene sanawaonepo? Chimenecho mukhoza kuchidziwa madzulo ano muli pakhonde panu, osatulutsa ndalama.

Kuthithikanaku sikunayambe lero. Boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ya ku pulayimale mu 1994, ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha. Ganizolo linali labwino, ana a anthu osauka ambiri anaona mkati mwa kalasi chifukwa cha ilo, koma midadada simangidwa m'mwezi umodzi, ndipo mpaka lero tikuthamangitsabe chiwerengero cha ana. Pali kusiyana kumodzi pakati pa kumudzi ndi kuno kumene ndikufuna mukudziwe. Kumudzi chimene chimasowa kwambiri ndi aphunzitsi, poti ambiri safuna kukhalitsa kumene kulibe nyumba yabwino, magetsi ndi msewu wodutsika m'dzinja. M'tauni aphunzitsi amakhalapo ochulukirapo, chosowa ndi zipinda. Chinamwali, Chikanda, Mpondabwino, Sadzi, madera onsewa adzaza anthu, pamene malo a sukulu ndi omwe aja. Nchifukwa chake mumapeza chipinda chimodzi chili ndi aphunzitsi awiri kapena atatu amene agawana maphunziro, wina Chichewa, wina masamu, wina Chingerezi, ana onse ali pamodzi. Sukulu zina zimagawa ana, ena m'mawa ena masana, kuti chipinda chimodzi chigwire ntchito kawiri.

Ndiye mukadzapitanso kusukuluko, musadzawerenge ana. Mudzaone chimene aphunzitsi enawo akuchita pamene mnzawo ali pabolodi. Ngati mmodzi akuyenda pakati pa ana, kuwerama, kuloza ndi chala m'buku la mwana, kuchonga makope pomwepo, kalasi imeneyo ndi ya ana 120 papepala pokha. M'kuchita kwake ndi magulu awiri kapena atatu. Ngati akhala pakhonde ndi foni kudikira piriyodi yawo, pamenepo ndiye mwana wanu ali m'chinamtindi chenicheni. Sukulu ziwiri zoyandikana, zofanana chiwerengero, zimasiyana kutali pa chinthu chimenechi, ndipo nthawi zambiri chimachokera kwa ahedi.

Tsopano za kuwerenga. Kuyambira 2016 sukulu za boma zimatsata pologalamu yophunzitsa ana kuwerenga yotchedwa National Reading Programme m'makalasi a Sitandade 1 mpaka 4. Ife akale tinayamba ndi a e i o u, kenako ba be bi bo bu. Anawa amayamba ndi liwu la lembo lililonse, ndipo malembo amabwera motsata amene amapezeka kawirikawiri m'Chichewa: a, n, i, k, u, m, e, t, o. Aphunzitsi amangoti anikumeto. Ubwino wake ndi wakuti mwana akangodziwa malembo awiri oyambawo akhoza kale kuwerenga mawu akuti ana, ndipo akawonjezera ena angapo afika pa ine, amama, moto. Phunziro limayenda magawo atatu: aphunzitsi achite okha ana akuona, kenako achitire limodzi, pomaliza ana achite okha. Njirayi ndi yabwino ndithu, ndipo Chichewa chili ndi mwayi wakuti chimalembedwa mmene chimamvekera. Mwana amene wagwira maphatikizo sasowanso womuuza mawu atsopano.

Vuto la kalasi yodzaza lili pa gawo lachitatulo. Piriyodi ya m'makalasi aang'ono ndi ya mphindi 30. Magawo awiri oyamba amatheka ngakhale ana atakhala 200, poti onse amayankhira pamodzi, ndipo amene akudutsa panja amasangalala kumva kalasi yonse ikufuula chiganizo mogwirizana. Koma zimakhala ngati nyimbo ya pamaliro: odziwa mawu ndi asanu, ena onse akungotsatira kolasi. Gawo loti mwana aliyense awerenge yekha, aphunzitsi amumve, amukonze, ndi limene limafera m'njira. Mwana akhoza kutha chaka chathunthu akuimba tsamba lonse pamtima osadziwa kuti lembo limene chala chake chili pamenepo ndi liti. Makolo amanyengeka, poti kunyumba amatsegula buku n'kuyamba "kuwerenga" mothamanga, maso ali kudenga.

Muyeseni chonchi. Musagwiritse buku la kusukulu, poti mwina analiloweza. Tengani pepala, kapena lembani pansi ndi kamtengo, mawu osavuta amene sali m'bukumo: kanema, mateka, tumani, nkhuku. Muikemo ndi mawu opanda tanthauzo ngati timeko, kuti asathe kungoganizira. Musamuthandize, musamukalipire, ndipo akulu ake asakhale pafupi kumuseka. Akamaphatikiza pang'onopang'ono, ka-ne-ma, n'kufika, mwana ameneyo akuphunzira, ngakhale akuchedwa. Akamakakamira pa nkh, mph, ndi zina zotere koma zosavutazo akutha, palibe chodetsa nkhawa, zimenezo zimabwera. Koma akangoyang'ana lembo loyamba n'kutchula mawu ena alionse, kapena kungoti duu, ndiye kuti pali ntchito, ndipo ntchitoyo iyambe teremu ino. Masamu chimodzimodzi: mupatseni zitsekerero za mabotolo, aike 14, achotsepo 6, akuuzeni zotsala, kenako alembe zimene wachitazo.

Muonenso makope ake. Masiku amene analemba akutsatana, kapena pali sabata zathunthu zopanda kanthu? Cholembera chofiira chinadutsamo liti? Sindiyembekezera kuti mphunzitsi achonge makope 120 tsiku lililonse pa phunziro lililonse, munthu ameneyo sangagone. Koma kope limene latha mwezi osachongedwa likunena kanthu. Mwina aphunzitsi sachonga, mwinanso mwana sapereka kope chifukwa cha mantha kapena manyazi. Mufunseni bwinobwino.

Funso lina limene makolo ambiri saliganizira ndi lakuti: umakhala pati? M'kalasi yopanda madesiki, malo ndi a amene wafika msanga kapena wamphamvu. Zipinda zambiri zili ndi mawindo a zidina zobowola, kuwala kumalowa kochepa, bolodi ndi lotuwa, ndipo mwana wa kumbuyo amangoona choko chikuyenda. Mvula ya kuno ku Zomba mukuidziwa. Ikayamba kugunda pamalata, mawu a aphunzitsi sadutsa mzere wachitatu. Mu Juni ndi Julayi, mphepo ikamatsika m'phiri, simenti imazizira mpaka mwana amangoganiza zoweruka. Mwana wamkazi wofatsa, wobwera kumene kuchokera kumudzi, kawirikawiri ndi amene amakankhidwira kukhoma la kumbuyo. Kungomudzutsa msanga, kumupatsa kachiguduli kokhalira, ndi kupempha aphunzitsi kuti azimuika kutsogolo, kumasintha zambiri kuposa mmene mungaganizire. Ndipo asapite ndi njala. Kumene kuli phala la kusukulu, kapu isaiwalike. Kumene kulibe, ngakhale mbatata ya dzulo.

Kwa aphunzitsi mupite nokha, osatuma kalata. Mudikire aweruke, muwapatse moni mwaulemu, mudzitchule kuti ndinu mayi a uje. Musayambe ndi madandaulo a kuchuluka kwa ana, iwo akukudziwa kuposa inu ndipo si amene anakupanga. Muwauze zimene mwapeza: "Madamu, mwanayu ndamuyesa kunyumba, malembo akuwadziwa koma kuphatikiza kukumuvuta. Ndimuthandize bwanji?" Mphunzitsi wa ana 120 sangadziwe onse, koma mwana amene mayi ake anabwera ndi funso lotere samuiwala. Mufunsenso za buku. Pologalamu ija itayamba, cholinga chinali chakuti mwana aliyense akhale ndi buku lake, azipita nalo kunyumba. Mabuku amang'ambika, ena amasowa, ndipo sukulu zina zimangowatsekera mu ofesi poopa kuti atha. Zimandimvetsa chisoni ndikaganiza kuti mabukuwa amakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, mayeso a Sitandade 8 amachokera ku MANEB mumzinda momwe muno, koma mwana wa pa Chinamwali, pakati pa malo awiriwa, akulimbirana buku limodzi ndi anzake. Mulimonsemo, pemphani kubwereka, mulonjeze kulikuta ndi pulasitiki.

Kunyumba mphindi 15 tsiku lililonse ndi zokwanira, bola zikhale za tsiku lililonse. Iye awerenge mokweza, inu mumvetsere, chala chake chili pansi pa mawu. Buku likasowa, pali buku la nyimbo la kutchalitchi, paketi ya shuga, zikwangwani za pamsewu wopita ku Liwonde. Limeneli ndi gawo lachitatu lija limene kalasi ikulephera kumupatsa, ndipo silifuna satifiketi ya ku koleji ya uphunzitsi.

Tibwere kwa mnzanu uja. Sukulu za pulayiveti zabwino zilipo mu Zomba, ndipo chimene mumagula kumeneko ndi chenicheni: ana ochepa m'kalasi, desiki, homuweki yochongedwa. Koma dzina lakuti pulayiveti likuphimba zinthu zosiyana kwambiri, kuyambira sukulu zokhazikika mpaka nyumba yogonamo imene angoigawa ndi mapulanga. Zotchipa, zimene thumba la kabaza lingafikire, nthawi zambiri zimalipira aphunzitsi ndalama yochepa, ndiye aphunzitsi sakhalitsa, ndipo ena sanapiteko ku koleji ya uphunzitsi. Aphunzitsi a boma amene munawaona atazingidwa ndi ana aja anaphunzira ntchitoyo zaka ziwiri. Chingerezi cha mwana wa mnzanuyo chikhoza kukhala chenicheni, chikhozanso kukhala moni ndi tinyimbo toloweza. Mayeso a pakhonde aja amagwira ntchito kwa iyenso.

Sindikupeputsa Chingerezi. Kuyambira Sitandade 5 maphunziro amayenda m'Chingerezi, mayeso a Sitandade 8 amalembedwa m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa, ndipo ana ambiri a sukulu za boma amagwa pamenepo. Koma mwana amene wadziwa kuwerenga m'chiyankhulo chimene amachimva amakhala atadziwa kale kuti malembo amaimira maliwu, ndipo kuti chiganizo chimanena kanthu. Akafika pa Chingerezi amangolimbana ndi chiyankhulocho. Amene akuyamba zonse ziwiri nthawi imodzi amasenza katundu wambiri, makamaka ngati pakhomo palibe woyankhula naye Chingerezicho.

Palinso nkhani ya ndalama, imene ndikuona kuti mukuipeputsa ndi mawu akuti tikhoza kudzimana. Fizi ya pulayiveti si ya teremu imodzi, ndi ya zaka zonse zotsalazo mpaka Sitandade 8, imakwera, ndipo pamwamba pake pali yunifolomu, mabuku ndi zina zimene sakuuzani tsiku loyamba. Njinga ikawonongeka kapena mafuta akasowa, mwana amabwezedwa pageti. Ndaonapo ana amene ankakhala pakhomo sabata zingapo teremu iliyonse chifukwa cha ngongole ya fizi, kenako n'kubwerera ku sukulu ya boma atatsalira kuposa anzawo amene sanasunthe. Ngati mungakwanitse popanda kudumphitsa, ndi nkhani ina. Mukasankha kutero, mukafunse kalata yosonyeza kuti sukuluyo inalembetsedwa ku Unduna wa Zamaphunziro, mukafunse kuti mphunzitsi wa kalasiyo wakhalapo nthawi yaitali bwanji, mukaone zimbudzi, ndipo mukapemphe kukhala nawo m'kalasi piriyodi imodzi. Akakana, mwayankhidwa.

Pali nthawi imene ndingakuuzeni kuti mumuchotse osachedwa. Ngati ana amakhala okha masiku ambiri, wamkulu wa kalasi akungolemba mayina a olongolola. Ngati mwana akumenyedwa, poti chikwapu ndi choletsedwa m'sukulu zathu. Kapena ngati mwayankhula ndi aphunzitsi, mwafika kwa ahedi, mwachita mbali yanu kunyumba teremu yathunthu, koma palibe chikusuntha. Ngakhale pamenepo, musanathamangire fizi, kumbukirani kuti pali komiti ya sukulu ndi PTA kumene kholo lili ndi mawu, ndipo pamwamba pa ahedi pali a PEA, alangizi oyang'anira sukulu za pulayimale, amene amapezeka ku TDC, likulu la aphunzitsi la zoni yanu. Kusamutsira mwana ku sukulu ina ya boma kumangofuna kalata ya transifa ndi malo kumene mukupitako. Komanso mwana akakhala kuti wakanika ngakhale mukumuphunzitsa awiriwiri, mupite naye kuchipatala akamuone maso ndi makutu musanasinthe sukulu, chifukwa m'kalasi ya ana 120 mwana wosaona bwino bolodi akhoza kufika Sitandade 4 palibe wazindikira.